Masamba Omaliza a Mayi wa Nyali

Mzuzu, 4 Malichi 2024

Okondedwa Bambo,

Funso limene ndatsimikiza kuti tithane nalo chaka chino ndi ili: kodi n'koyenera kuti munthu amene wawerenga mabuku moyo wake wonse, amene anaphunzitsa ana a eni mpaka kupuma pa ntchito, azithera nzeru zake popeka mathero a nkhani ya mkazi wa kutsidya kwa nyanja amene sanakhaleko n'komwe, pamene za chigwa chathu cha Domasi zikusowa wolemba? Ndayamba ndi funso ndisanapereke moni chifukwa ndikudziwa kuti ndikayamba ndi moni mtima undifewera.

Tsopano landirani moni. Muli bwanji, inu ndi Amayi? Mpunga kudambo wafika pati? Ine kuno ku yunivesite ndili bwino, kungoti mvula ya ku Mzuzu siidziwa kutsanzika. Ndalemba pa pepala potsata lamulo lanu loti foni ndi ya matenda ndi maliro, koma zamaganizo zimayenda mu envulopu.

Ndiuyale mlanduwu bwinobwino, kuti musadzati ndakunamizirani. Musanakwatire Amayi munagula buku la Chingerezi m'mbali mwa msewu ku Zomba. Linalibe chikuto, ndipo masamba ake omaliza anali atathotholedwa ndi wogulitsa mtedza wokazinga, amene ankakulungiramo malonda ake. Popeza mutu wake simunaudziwe, munalitcha Mayi wa Nyali. M'menemo muli mkazi wokhala pa chilumba, m'nyumba yaitali ngati ya belu la tchalitchi, amene ntchito yake ndi kuyatsa nyali yaikulu kuti zombo zisagunde miyala. Mwamuna wake anapita ndi chombo, osabwerera. Tsamba lomaliza limene muli nalo limathera pamene mkaziyo, m'mawa wina wa nkhungu, akuona matanga a chombo chikuyandikira. Pamenepo nkhani inaduka, mtedza n'kutenga malo.

Kuchokera nthawi imeneyo, chaka chilichonse mpunga ukayamba kucha, mumakwera pa nsanja ya kumunda kukapirikitsa mbalame, n'kutsikapo ndi mathero atsopano. Mumawalemba m'Chichewa, kuwawerengera Amayi, kenaka n'kuwasokera kumapeto kwa bukulo ndi chisingano cha matumba. Lero bukulo lanenepa kumbuyo ngati mchira wa nkhosa.

Ndili mwana, zimenezi zinkandikomera. Tsopano ndaphunzira, ndipo ndikuona kuti buku liyenera kukhala khasu, osati pilo. Ndani adzalembe za amayi amene amakankha njinga za mpunga kupita ku Songani, n'kukaugulitsa pa mtengo wonena wogula? Ndani adzalembe za chaka chimene madzi anakokolola minda ya kumunsi? Inu muli ndi dzanja, muli ndi nthawi, koma mtima wanu uli pa chilumba chimene simudzapondapo.

Ndikupempha ziwiri. Mundiuze mitundu ya nkhani imene mumaikonda ndi zifukwa zake, kuti ndiziyankhe chimodzichimodzi. Ndipo chaka chino mumusiye mayi uja apume, mulembe zakwathu.

Mwana wanu wokukondani, ngakhale wotsutsana nanu,
Melissa


Domasi, 19 Malichi 2024

Mwana wanga Melissa, chitsirizira changa,

Kalata yako yafika itanyowa pakona, koma funso lako silinanyowe. Tili bwino tonse. Mpunga wafika m'chiuno. Usadabwe ndi dzanja: akulemba ndi amayi ako, ine ndikungoyankhula.

Wafunsa za mitundu ya nkhani. Mabuku ali ngati mbewu, iliyonse ndi nyengo yake. Mu Okutobala, phiri likamafuka utsi, mphasa n'kumatentha msana, ndimawerenga za pa nyanja yamchere. Munthu ukawerenga tsamba la mafunde, khosi limazizira. Mu Febuluwale, nkhokwe ikamalira mphepo, ndimatenga zachikondi, chifukwa anthu okondana a m'mabuku sadya. Amangoima pa windo n'kumausa moyo, ndiye sakupweteketsa m'mimba. Chiperoni chikabwera mu Juni ndimafunda bulangete n'kutsegula za ofufuza milandu. Mmenemo munthu amaphedwa koyambirira, aliyense amanama, koma pofika kumapeto chilichonse chabwerera pamalo pake ngati pabwalo posesa bwino. Ndimagona ndikukhulupirira kuti dziko likhoza kuseseka.

Za anyamata a mfuti okwera akavalo ndinasiya kalekale, nditaona kuti palibe amene amaima kuti kavalo amwe madzi. Za anthu opita ku nyenyezi ndimaziyamba ndi chidwi, koma akafika kumeneko sadzala kanthu, ndiye ndimawasiya komweko.

Kalembedwe kanga ukukadziwa, koma popeza wandiimika pa bwalo, ndinena. Ndimalemba ndi pensulo, chifukwa bolopeni ndi yodzikuza, siivomera kuti yalakwa. Ndimaisongola ndi lezala m'mawa nditamwa tiyi. Pepala langa ndi kumsana kwa kalendala ya chaka chatha: kutsogolo masiku anatha, kumbuyo akadali oyera. Sindilemba mzere woyamba ndisanaupeze womaliza, ndipo womalizawo sapezeka m'nyumba. Amapezeka pa nsanja. Ukakhala pamwamba paja mphepo n'kudutsa pa mpunga, dambo lonse limawerama n'kudzuka, kuwerama n'kudzuka, kuchokera kumapazi ako mpaka kumene maso alekezera. Nyanja yamchere sindinaionepo, koma sindikhulupirira kuti imachita zoposa pamenepo. Ndikakoka chingwe cha zitini kuti mpheta zithawe, ndimamva belu la chombo. Pamenepo mayi uja amatulukira pa khonde la nyumba yake yaitali, n'kuika dzanja pachipumi.

Mwamuna wake ndamubweza m'njira zambiri. Chaka china anabwera ndi bokosi la golide. China anabwera ndi mwendo wa mtengo. Chaka chimene unabadwa iwe anatsika m'chombo atanyamula khanda limene analitola mu dengu pamadzi. Koma nthawi zonse mkaziyo amatsika masitepe akuthamanga, ndipo madzulo ake amazimitsa nyali, chifukwa amene ankamuyatsira wafika. Ndikamaliza ndimawerengera amayi ako akusenda chinangwa, ndipo iwo amamvetsera mpaka kumapeto. (Kumvetsera ndimamvetsera, koma sindinanenepo kuti ndimakhutira. Ndine mayi ako.)

Ukuti ndilembe zakwathu. Mvula imene imagwa pa chilumba chija ukuganiza ndinaitenga kuti? Koma sindikukuletsa kutsutsa. Mwana wosatsutsa ndi mpando.

Chaka chino mzere womaliza ukuchedwa, koma mbalame sizinayambe. Uvale juzi, kumeneko kumazizira.

Bambo ako,
Eliya


Mzuzu, 2 Epulo 2024

Okondedwa Bambo,

Ndakondwa kumva kuti muli bwino ndipo mpunga ukulonjeza. Koma sindibisa kuti chinthu chimodzi chandipweteka. Kuyambira ndili ku sekondale simunandilemberepo ndi dzanja la munthu wina. Ngati mwaona kuti funso langa siliyenera pensulo yanu, mukanangonena.

Yankho lanu ndi lokoma, koma kukoma si umboni. Mwavomereza nokha kuti mumawerenga zachikondi kuti muiwale njala. Ine ndikuti njala siyenera kuiwalidwa, iyenera kufunsidwa kuti yachokera kuti.

Tsopano ndili ndi umboni woposa mawu anga. Loweruka ndinapita ku msika kukafuna mabuku akale a maphunziro. Pa mulu wina, pakati pa mabuku a masamu, ndinatsegula buku la chikuto chobiriwira, ndipo mzere woyamba ndinauzindikira ngati nkhope ya m'bale. Bambo, ndi Mayi wa Nyali, wathunthu, ndi masamba ake onse. Ndinakhala pa mwala pomwepo n'kuwerenga zimene wogulitsa mtedza uja anakulandani.

Mathero enieni ndi awa. Chombo chija sichinabweretse mwamuna. Chinabweretsa bokosi la zovala zake, ndi uthenga woti anamwalira ndi malungo pa doko lina zaka zambiri zapitazo. M'chombo chomwecho munali akuluakulu a kampani ya eni nyali, amene anabwera ndi makina oyatsa okha. Anamuthokoza mayiyo ndi mawu ochepa, n'kumuuza kuti alongedze. Buku limatha iye ali m'chombo, bokosi lili pa miyendo, akuyang'ana nyali ikuyaka popanda iye.

Mukuona tsono kuti mlembi mwiniwake ali mbali yanga. Iye sanalembe maloto. Analemba za wantchito amene anagwiritsidwa ntchito mpaka kutha, kenaka n'kutayidwa ngati chikwakwa chobuntha. Nkhani imeneyi ndi ya amayi a ku Songani. Inu mwakhala mukuiphimba ndi golide ndi makanda a mu dengu.

Sindikunena izi kuti ndikukhumudwitseni. Ndikukhulupirira kuti choonadi chimamasula, ndipo mukamasuka kwa mayi ameneyu mudzalemba zazikulu. Ndikudikira yankho la dzanja lanu.

Mwana wanu,
Melissa


Mzuzu, 26 Epulo 2024

Okondedwa Bambo,

Moni kwa inu ndi Amayi. Kalata yanga yapita kalekale, koma kuno kuli zii. Ndinaphwanya lamulo n'kuimba foni, ndipo Amayi anangoti muli kumunda, yankho likubwera, n'kudula. Ngati mwakwiya, kwiyani pa pepala kuti ndikhale ndi choyankha. Kukhala chete si mtsutso, ndi chilango, ndipo simunandilangepo chotero.

Sindibweza mawu anga. Koma tulo sindikuliona bwino.

Melissa


Domasi, 6 Meyi 2024

Mwana wanga Melissa,

Tili moyo. Mbalame zachuluka chaka chino ngati zaitanizana. Sindinakwiye. Ndinachedwa chifukwa zimene unatumiza si zomeza, ndi zotafuna.

Zikomo pondipezera mathero enieni. Amayi ako anandiwerengera pansi pa nsanja, ndipo ndikuti ndiwabwereze kuti uone ngati ndinamva bwino.

Mwamunayo anabweradi, wowonda, wopanda kanthu koma ndowa yobooka. Mkaziyo anamuona ali pamwamba, koma sanathamange. Anayamba wamaliza kupukuta galasi la nyali. Kenaka anatsika pang'onopang'ono, n'kumuyalira mkeka pansi pa mtengo, panja, popeza pa chilumbapo ndi kwawo kwa mkazi ndipo nyumba ndi yake. Anam'patsa madzi akumwa, osamufunsa kanthu. M'mawa mwake anatumiza uthenga, ndipo ankhoswe a mbali zonse ziwiri anafika, mlongo wa mkaziyo ali patsogolo pa bwato. Anamufunsa mwamunayo kumene anali, chimene anadya, ndi chifukwa chimene sanatumizire ngakhale moni. Pogamula anam'patsa khasu kuti alime munda wa apongozi dzinja lathunthu, akugona ku khitchini, asanaloledwe kulowa m'nyumba.

Ndipo madzulo, mwamunayo poona mkazi akukwera masitepe ndi botolo la mafuta, anati, "Ukuyatsiranso yani? Ine si ndabwera?" Mkaziyo osacheuka anayankha kuti, "Pa nyanjapo pakadali amuna a eni ake."

Melissa, mlembi ameneyu ndi munthu wamkulu. Ine zaka zonsezi ndinkamuthamangitsa mayi uja pa masitepe, osamufunsa ngati mawondo akulola. Ndinkamuzimitsira nyali, poganiza kuti ankayatsira munthu mmodzi.

Tsono wapambana. Mathero enieni afika, anga atha ntchito. Pensulo ndaitsomeka kudenga, ndipo chaka chino sindilemba.

Bambo ako,
Eliya


(Pepala lina, mu envulopu yomweyo)

Iwe Melissa,

Ili ndalowetsa ndekha, abambo ako sakudziwa. Ndikudziwa kuti wawerenga za ankhoswezo pakamwa pali yasa. Khala pansi ndikuuze.

Abambo ako saona bwino. Ndi ng'ala, inayamba diso la kumanzere chaka chatha, pano yagwira onse. Munthu amamuzindikira ndi mayendedwe, koma zilembo za m'buku akuti zili ngati nyerere m'madzi. Ku chipatala ku Zomba anati akhoza kuwapala, ndi ntchito ya m'mawa umodzi, koma iwo akukana. Akuti bola nkhungu kusiyana ndi mdima, mpeni ukaterereka adzadandaula kwa ndani. Anandiletsa kukuuza kuti usasokonezeke ndi sukulu. Ndiye usamati pensulo yawo yakunyoza. Mizere yake sakuiona.

Kalata zako ndimawerenga ndine. Tsiku limenelo ndinawapititsira phala kumunda, ine pansi, iwo pa nsanja. Ukudziwa kuti maso amathamanga kuposa pakamwa. Pakamwa pali pa msika wa mabuku, maso anali atafika kale pa bokosi la zovala. Ndinayang'ana m'mwamba. Anali atagwira chingwe cha zitini, nkhope ataloza kumphepo, pakamwa potsegula pang'ono ngati mwana wa ukalistia woyamba. Munthu amene mabuku ake onse atsekeka, watsala ndi limodzi la m'mutu. Ndimuphere limenelonso? Ndinatsokomola, n'kuyamba kunena zanga.

Sindinakonzekere. Zinangotuluka, ngati mphale yoti inanyikidwa kale. Ine ndinadikirapo mwamuna, zaka zija ankaphunzitsa ku Nsanje iwe usanabadwe. Munthu amene wadikira sathamanga pa masitepe.

Koma taona zimene zachitika. Ndimati ndikutchinjiriza, tsopano akuti salembanso. Munthu ameneyu akasiya kuwerenga n'kusiyanso kupeka, atsala ndi chiyani? Angokhala pa nsanja duu, mpheta zikudya. Iwe ndi amene unayatsa moto umenewu, ndiye undithandize kuganiza. Koma usawauze kuti ndinali ine. Adzandiseka mpaka kumanda.

Mayi ako,
Bernadette


Mzuzu, 15 Meyi 2024

Okondedwa Amayi,

Kalata iyi ndi ya inu nokha. Ndikhulupirira muli bwino.

Ndawerenga pepala lanu kangapo, ndipo ndili ndi chisoni ndi mkwiyo, sindikudziwa chachikulu n'chiti. Chisoni, chifukwa ndinadzudzula dzanja la munthu amene maso ake akuzima. Mkwiyo, chifukwa munandibisira matenda a bambo anga ngati ndine mlendo. Munati foni ndi ya matenda. Nanga awa si matenda?

Za kusintha mawu anga, sindingavomereze. Munaika dzina langa pa zimene sindinalembe. Bambo ndi munthu wamkulu, woganiza, ndipo kuwanamiza chifukwa choti saona ndi kuwachititsa khungu kawiri. Lero mwawasinthira mathero a buku. Mawa mudzawasinthira mawu a dokotala?

Mwandipempha kuti ndikhale chete. Sindingathe. Ndikupatsani mpata mpaka nditatsekera sukulu mu Juni kuti muwauze nokha. Mukapanda kutero, ndidzakhala pansi pa nsanjayo n'kuwawerengera buku lenilenilo, liwu ndi liwu.

Chinthu chimodzi chokha ndikufunseni, ndipo musachitenge ngati kugonja. Mawu aja oti pa nyanja pakadali amuna a eni ake, munawatenga kuti? Ndabwerera m'bukumo kukawafuna, ngakhale ndikudziwa kuti mulibe.

Mwana wanu,
Melissa


(Kumsana kwa tsamba la kalendala, zilembo zazikulu za makala)

MELISSA,

Tsiku sindikulidziwa, lili kuseri kwa pepalali. Ndalemba ndekha ndi khala. Akaponya ndi a Tobias oyandikana nafe. Amayi ako asamve.

Ndikudziwa. Ndinadziwa pamene mlongo anafika pa bwato. Ku zilumba za azungu kulibe ankhoswe.

Ndakhala ndikudikira mathero a mayi ako chikwatirane. Ndikawafunsa amati iwo si ophunzira. Ndinati ndasiya kulemba kuti ndione ngati apitiriza. Akupitiriza. Ndikati, werenganinso kalata ya mwana ija, imatalika. Dzulo mwamuna uja wadzala mbatata, apongozi akuti mizere yakhota.

Usaulule. Ukaulula asiya.

Koma ndiuze ine ndekha, mwamseri. M'buku la mzunguyo, mwamunayo anabwera?

BAMBO AKO


Mzuzu, 3 Juni 2024

Okondedwa Bambo ndi Amayi,

Moni kwa nonse awiri pamodzi, chifukwa kalata iyi ndi ya nonse awiri pamodzi. Amayi, muwerenge mokweza, osadumpha. Bambo, mukamva kutsokomola mudziwe kuti pali chimene chikudumphidwa, ndipo muwabweze.

Aliyense wa inu wandilembera mwamseri kuti ndibise kanthu kwa mnzake. Ndakana nonse. Bambo, mathero a ankhoswe ndi a Amayi. Amayi, Bambo akhala akudziwa kuyambira pa bwato paja, ndipo sakuseka. Amakupemphani kuti mubwereze kalata yanga chifukwa akufuna kumva za mbatata. Pano mukhoza kuima pang'ono n'kuyang'anana, ine ndidikira.

Ndibwerere ku funso limene ndinayamba nalo. Ndinafunsa ngati n'koyenera kuthera nzeru pa mkazi wa pa chilumba pamene zakwathu zikusowa wolemba. M'mawa uno nkhungu inaphimba mitengo ya paini kuseri kwa hositelo yathu, ndipo ndinaima pa windo ngati anthu a m'mabuku anu a Febuluwale. Ndinayesa kuchiona chilumba chija monga anachilembera mwiniwake, cha miyala ndi mbalame zoyera. Sichinabwere. Chimene chinatuluka mu nkhungumo chinali ndi nthochi kuseri kwa nyumba, mkeka pansi pa mtengo wa mango, khasu lotsamira khitchini, ndi phiri lathu chapatali likusuzumira. Pamwamba pa nyumba yaitaliyo panaima mayi wovala chitenje, akupukuta galasi mosafulumira, ndipo mayendedwe a dzanja lake ndinawadziwa. Chilumbacho munachikokera kumtunda kalekale, inu ndi chingwe cha zitini, Amayi ndi ankhoswe, mpaka chinakhazikika pakati pa dambo la mpunga.

Choncho theka la funso langa ndalibweza. Theka linalo ndikadali nalo. Njala iyenera kufunsidwa kumene yachokera, ndipo choonadi sichiyenera kubisidwa kwa munthu chifukwa choti maso ake afooka. Chiyenera kumudikira.

Bambo, mwati bola nkhungu kusiyana ndi mdima. Mantha anu ndawamva ndipo sindikuwapeputsa. Koma munthu amene anasiya mabuku a akavalo chifukwa chosamwetsa kavalo sangasiye maso ake ali ndi ludzu.

Ndifika sukulu ikangotsekedwa. Ndine mwana wanu Melissa, ndipo zoyenera kuchitika ndi izi:

1. Amayi apitirize nkhani yawo poyera, osanamiziranso kalata yanga. Ndikafika adzanena, ine ndidzalemba kumsana kwa kalendala, ndipo tidzaisokera m'bukumo ndi dzina lawo pansi pake.

2. Pensulo itsike kudenga lero lomwe. Bambo, mathero anu a chaka chino akadalipo ngakhale mbalame zatha. Musunge mzere womaliza m'mutu, dzanja ndibwera nalo ine.

3. Za amayi a njinga a ku Songani ndidzalemba ndekha, popeza ndi ine amene zikundisowetsa tulo. Inu nonse mudzakhala ondidzudzula.

4. Mpunga ukangolowa m'matumba, tonse atatu tidzakwera minibasi ya ku Zomba kukapalitsa ng'ala. Ine ndidzagwira dzanja lamanja, Amayi lamanzere.

5. Kalata yanga ya pa 2 Epulo, Amayi, mukulungiremo mtedza. Zimene munaonamo musanene, ngakhale akunyengerereni bwanji.

6. Bambo, mwafunsa ngati anabwera. Sindiyankha. Buku la chikuto chobiriwira ndibwera nalo, koma masamba ake omaliza ndawasoka pamodzi ndi ulusi wa matumba. Tsiku limene adzakumasuleni bandeji, mudzadula ulusiwo ndi lezala lanu, mudzakwera pa nsanja, ndipo mudzawerenga nokha.